Kukonza msonkhano pa hotela ya m'mbali mwa Zambezi ku Livingstone

Abwana akuuzani kuti msonkhano wa chaka chino ukachitikira ku Livingstone, m'dziko la Zambia, ndipo wokonza zonse ndinu. Anzanu mu ofesi ayamba kale kuonetsana zithunzi za mathithi a Victoria Falls pafoni. Asiyeni asangalale, inu tengani kope ndi cholembera. Mtsinje ndi umene umapangitsa anthu kuvomera kalata yowaitana tsiku lomwelo, koma msonkhanowo umachitikira m'holo ya makoma anayi, ndipo holoyo ikakhala yotentha, yamdima kapena yopanda magetsi, palibe amene adzaimbe mlandu Zambezi. Adzaloza inu. Choncho ntchito yanu ndi iwiri: kupeza holo yoti anthu amvane, ndi kuupatsa mtsinje nthawi yakeyake papulogalamu kuti usakubereni nthumwi masana.

1. Dziwani kaye kuti hotelayo ili kuti kwenikweni

Dzina loti Livingstone limasokoneza anthu amene sanafikeko. Tauni yeniyeni, komwe kuli mabanki, msika wa Maramba, siteshoni ya mabasi ndi nyumba yosungirako zinthu zakale ya Livingstone Museum, ili pamtunda, makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku mathithi. Mahotela akuluakulu a misonkhano ali kumunsi, motsatira gombe la mtsinje. Avani Victoria Falls Resort, imene akale amaidziwabe ndi dzina la Zambezi Sun, ili pafupi kwambiri ndi mathithi, moyandikana ndi Royal Livingstone. David Livingstone Safari Lodge ndi Radisson Blu Mosi-oa-Tunya, yomwe inatsegulidwa mu 2022, zili chakumtunda kwa mathithi komwe madzi amayenda mofatsa. M'tauni muli mahotela ndi malo ogona ambiri otsikirapo mtengo, koma mtsinje sauona.

Mzindawu si mlendo pankhani yolandira anthu. Unali likulu la Northern Rhodesia, dzina lakale la Zambia, kuyambira 1911 mpaka 1935 pamene boma linasamukira ku Lusaka, ndipo mu Ogasiti 2013 unachititsa msonkhano waukulu wa bungwe la UNWTO loona za zokopa alendo padziko lonse, mogawana ndi tauni ya Victoria Falls ya tsidya la Zimbabwe. Anthu a m'mahotela akumeneko ntchito ya misonkhano amaidziwa. Chimene sadziwa ndi msonkhano wanuwo, ndipo simungayembekeze kuti alote.

2. Sankhani mwezi musanasankhe hotela

Madzi a Zambezi amasefukira kuyambira Malichi mpaka Meyi. Nthawi imeneyo mathithi amachita kubangula, nthunzi yake imaoneka muli kutali, ndipo wopita kukaona amabwerako atanyowa ngati wagwa m'chitsime. Pofika Okutobala ndi Novembala madzi amakhala ataphwera, moti mbali yaikulu ya ku Zambia imasanduka khoma la miyala. Mukalonjeza nthumwi mathithi m'kalata kenako n'kuzifikitsa mu Okutobala, mudzakhala ndi mlandu. Komanso Okutobala ku Livingstone ndi ng'anjo. Holo yopanda makina oziziritsa amphamvu mwezi umenewo, anthu akangodya nkhomaliro onse amayamba kuwodzera.

Juni ndi Julayi kumazizira m'mawa ndi usiku, makamaka m'mbali mwa madzi, ndiye chakudya chamadzulo chapanja chimafuna majuzi ndi mbaula. Koma miyezi imeneyi mpaka Seputembala ndi imene alendo akunja amachuluka, zipinda zimasowa ndipo mitengo imakwera. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, hotela zimamva mukamanenerera, kupatula masiku a Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Walira mvula walira matope: mtengo wotsikawo umabwera ndi udzudzu wambiri komanso mabingu amene angakuthamangitseni pakapinga mutangoyamba kudya.

Onaninso kalendala ya ku Zambia, osati yakwanu yokha. Lolemba loyamba la Julayi ndi Lachiwiri lotsatira ndi maholide, Lolemba loyamba la Ogasiti ndi tsiku la alimi, ndipo 24 Okutobala ndi tsiku la ufulu wodzilamulira. Mlendo wolemekezeka wa boma simumupeza masiku amenewo, pomwe mabanja a ku Lusaka amakhala atadzaza zipinda.

3. Werengani anthu anu, ndipo muthane ndi nkhani ya alawansi pachiyambi

Musanaimbe foni kulikonse, lembani manambala atatu: odzakhala m'holo, odzagona pa hotela, ndi odzadya. Manambala amenewa safanana. Madalaivala amadya koma salowa m'holo. Atolankhani ndi akuluakulu a m'boma la konko amabwera potsegulira, amamwa tiyi, n'kumapita. Mukapereka nambala imodzi ya zonse, mwina mulipira mbale zosadyedwa, mwina muchita manyazi chakudya chitatha anthu akadali pamzere.

Kenako funso limene limadula ubale m'maofesi: kodi bungwe lilipira zonse ku hotela, kapena lipereka alawansi kuti aliyense adzionere pogona? Tinene mosabisa, ambiri amakonda ndalama m'manja. Mukawapatsa, palibe amene adzagone m'mbali mwa mtsinje, onse adzakwera kutauni kukasaka chipinda chotchipa kuti atsale ndi kenakake kopita nako kunyumba. Si mlandu. Koma dziwani kuti mwadzipangira ntchito ya basi yowatenga m'mawa uliwonse ndi kuwabweza madzulo, ndiponso kuti pulogalamu yoyamba 8 koloko idzayamba 9. Maganizo anga ndi akuti ngati thumba silikulola kugoneka onse pa hotela ya msonkhano, gonekanipo okhawo oyendetsa zokambirana ndi olankhula m'mawa, enawo muwapezere malo amodzi kapena awiri m'tauni kuti basi isamazungulire makomo khumi. Chimene mwagamula chilembedwe m'kalata yoitanira anthu. Nkhani ya alawansi ikabuka tsiku loyamba pakhomo la holo, tsikulo latayika.

4. Pemphani makotesheni atatu, koma muwafunse funso limodzimodzi

Lembani kalata imodzi n'kuitumiza ku mahotela atatu: masiku, manambala atatu aja, kakhalidwe ka m'holo, zipinda zing'onozing'ono za magulu zimene mukufuna, ndi zakudya. Mahotela ambiri amagulitsa mtengo wa munthu mmodzi patsiku, umene amautchula kuti conference package. Kawirikawiri mumakhala holo, tiyi wa m'mawa ndi wamasana, nkhomaliro, madzi, kope ndi cholembera. Mawu akuti kawirikawiri ndi amene amapweteka. Funsani chimodzichimodzi: pulojekita ilimo? Zokuzira mawu ndi maikolofoni oyenda nawo angati? Chakumwa cha pankhomaliro? Zipinda za magulu n'zaulere kapena zili ndi mtengo wake?

Funsaninso ngati mtengowo uli kale ndi misonkho. Ku Zambia VAT ndi 16 peresenti, ndipo pamabilu a hotela pamaonekanso ndalama ya utumiki ndi msonkho wa zokopa alendo. Kotesheni yooneka yotchipa imatha kudzakhala yodula kuposa zinzake zonsezi zikawonjezedwa. Onetsetsani kuti mtengo walembedwa m'ndalama yanji. Kwacha ya Zambia si kwacha ya Malawi, ndipo ndinaonapo wowerengera ndalama wina atasangalala ndi kotesheni kwa theka la tsiku asanazindikire kuti K ya papepalapo si yakwawo. Ngati mukulipira kuchokera ku Malawi, yambani msanga kupempha ndalama zakunja kubanki, chifukwa hotela sidikira dipoziti mpaka kalekale.

5. Pitani mukaone ndi maso

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene mabwana amakonda kudula bajeti. Limbanani nawo. Ngati n'zosatheka kuti mupite, tumani munthu wodalirika wa ku Livingstone kapena ku Lusaka, ayende ndi foni akukuonetsani pavidiyo. Zithunzi za pa intaneti zimajambulidwa dzuwa likulowa, holo ili yopanda munthu.

Wokulandirani adzayamba kukutengerani kukhonde loyang'ana mtsinje. Yamikirani, kenako nenani kuti, "Achimwene, tiyeni kuholo." Mukalowa, khalani pampando wakumbuyo kwenikweni ndipo wina aime kutsogolo alankhule. Mukumumva? Pali chipilala chotchinga? Denga ndi lalitali mokwanira kuti chinsalu cha pulojekita chikwere pamwamba pa mitu ya anthu? Nambala imene hotela imalengeza, yoti holo imalowa anthu mwakuti, imakhala ya mipando yokhayokha yondandalika ngati kutchalitchi. Mukaikamo matebulo ngati m'kalasi, nambalayo imatsika kufika cha pa theka, ndipo matebulo ozungulira a zokambirana amadyanso malo. Auzeni akuyalireni mzere umodzi kapena iwiri mmene mukufunira, muone ngati munthu wonenepa angadutse pakati.

Holo ya mawindo aakulu oyang'ana kumadzi imakoma m'maso, koma ili ndi zovuta ziwiri. Kuwala kumafafaniza zolembedwa pachinsalu, ndiye funsani ngati makatani ake amatsekadi mdima. Chachiwiri, mvuu ikangotulutsa mutu, wolankhula watsala yekha. Ine ndimasankha holo yopanda mawindo kuti ikhale ya zokambirana, ndipo tiyi ndi nkhomaliro ndimaziika kumtsinje. Anthu amapirira maola awiri m'chipinda akadziwa kuti pakutha pake akaima pakhonde ndi kapu m'manja.

Tcherani khutu kunja. Ndege za helikopita ndi tindege ting'onoting'ono toonetsa alendo mathithi timauluka masana onse m'nyengo ya alendo, ndipo tenti kapena chisakasa chapanja sichitchinga phokoso limenelo. Ngati holo yagawidwa ndi khoma lokankha, funsani kuti mbali inayo kudzakhala ndani masiku anuwo. Pa hotela ina tinapezeka tikukambirana za ndondomeko ya chuma, kuseri kwa khoma kuli kampani yopereka mphoto kwa ogulitsa ake, ng'oma ndi nthungululu zili pakamwa. Palibe amene anatinamiza. Sitinafunse, basi. Safunsa anadya phula.

Tsopano magetsi. Chilala cha 2024 chitaphwetsa nyanja ya Kariba, Zambia inakhala mumdima maola ochuluka patsiku, ndipo phunziro lake lisaiwalike ngakhale chaka chimene mvula yagwa bwino. Kufunsa kuti "muli ndi jenereta?" n'kutaya mawu, aliyense adzati eya. Funsani kuti jeneretayo imayaka yokha kapena mpaka munthu athamangire, imatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo imakoka makina oziziritsa a m'holo kapena mababu okha. Ngati angalole, apempheni azimitse magetsi a ZESCO, kampani ya magetsi ya ku Zambia, muone nokha. Pulojekita ikazima mwadzidzidzi imachedwa kudzukanso, choncho pemphani kabatire kosunga moto pa pulojekita, pa kompyuta ndi pa zokuzira mawu.

Intaneti muiyese muli m'holo momwemo, osati pofikira alendo. Ngati ena adzalowa msonkhano pa Zoom kapena Teams, pemphani waya wakewake wa pa tebulo lakutsogolo, chifukwa Wi-Fi imene ikuthamanga lero muli awiri idzakwawa anthu 100 akalumikiza mafoni ndi malaputopu. Werengani masoketi. Ku Zambia mapulagi ndi a mano atatu afulati ngati a ku Malawi, koma alendo a ku South Africa amabwera ndi a mano obulungira, ndiye gulani maadaputa angapo.

Pomaliza yendani njira imene nthumwi izidzayenda: kuchoka kuchipinda kupita kuholo, kuholo kupita kodyera, kodyera kupita kuchimbudzi. Mahotela a m'mbali mwa mtsinje amakhala otambalala, nyumba zake zili patalipatali. Kwa munthu wa njinga ya olumala kapena gogo wa ndodo, mtunda umene inu mwauyenda mukucheza ndi ulendo. Werengani zimbudzi za amayi, chifukwa mzere wa kumeneko ndi umene umatalikitsa nthawi ya tiyi.

6. Mgwirizano ulembedwe

Zonse zimene mwalonjezedwa pakamwa zilowe m'pepala: dzina la holo yeniyeniyo, osati "holo yoyenera", ola limene mungalowe kukakonza dzulo lake, tsiku lomaliza kusintha nambala ya anthu popanda chilango, ndalama imene mutaye mukalephera kubwera, ndi malo ena okonzeka ngati mvula yagwa pa mwambo wapanja. Lembaninso kuti bungwe likulipira chiyani ndipo mlendo adzilipirira chiyani. Mowa, kuchapitsa zovala ndi zakumwa za mufiriji ya kuchipinda zikhale za mwini wake, ndipo munthu mmodzi kapena awiri okha ndi amene asainire chilichonse chowonjezera pa bilu ya bungwe. Tengani nambala ya foni ya amene adzakhale pantchito masikuwo, chifukwa amene anakugulitsani malo nthawi zambiri Loweruka sakhalapo.

7. Ulendo

Bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula lili pafupi ndi tauni, ndipo limalandira ndege zochokera ku Lusaka ndi ku Johannesburg. Ndege za m'dziko momwemo ndi zazing'ono, mipando imatha msanga, ndiye gulu lalikulu lisadikire sabata yomaliza. Chenjezani ogula matikiti kuti bwalo la Victoria Falls ndi lina, lili ku Zimbabwe. Wotera kumeneko ayenera kudutsa chipata cha m'malire ndi kuwoloka mlatho wa pa Zambezi pafupi ndi mathithi, womangidwa mu 1905, kuti akupezeni.

Pamsewu, kuchoka ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 480 kudzera ku Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, ulendo wa maola 6 kapena 7. Ochokera ku Lilongwe amadzera pa Mchinji ndi Mwami, Chipata, mpaka Lusaka, ndipo ulendo wonse umapitirira makilomita 1,100. Amenewo ndi masiku awiri kupita, awiri kubwerera. Musawapanikize kuti ayende tsiku limodzi, ndipo masiku a m'njirawo alowe m'bajeti. Galimoto ya bungwe ikhale ndi mapepala ake onse, kalata yololeza dalaivala kutuluka nayo m'dziko, inshuwalansi ya COMESA ya khadi lachikasu, ndi ndalama ya Zambia yolipira pa mageti a msewu.

Amalawi safuna viza polowa m'Zambia kapena m'Zimbabwe, pasipoti yosatha ntchito ndi yokwanira. Alendo a mayiko ena amene akufuna kuona mbali zonse ziwiri za mathithi afufuze za KAZA Univisa, imene imalola kulowa m'mayiko awiriwa. Ochokera ku Botswana tsopano amangowoloka pa mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu Meyi 2021, makilomita pafupifupi 70 kuchokera m'tauni.

8. Upatseni mtsinje gawo lake

Munthu wayenda masiku awiri, akumva mkokomo wa Mosi-oa-Tunya, dzina la eni dera la mathithiwa, ali pabedi, ndiye inu mukuti akhale m'holo kuyambira 8 mpaka 5 kwa masiku atatu? Adzathawa. Adzasaina m'kaundula m'mawa, pofika 2 koloko mipando ili gwaa, anthu ali pamlatho kujambulitsa. Njira yake ndi kulemba poyera papulogalamu kuti tsiku lachiwiri zokambirana zithera 3 koloko ndipo onse apitira limodzi ku mathithi, kapena kukwera bwato loonera dzuwa likulowa. Mukatero muli ndi pakamwa pouza anthu kuti maola enawo ndi a ntchito. Musaike ulendowu tsiku lomaliza, chifukwa ena amanyamuka m'mawa, ndipo musauike tsiku loyamba, chifukwa mawa lake mitima sibwerera m'holo.

Mathithiwa ndi otambalala mamita oposa 1,700 ndipo madzi amagwa mamita opitirira 100, choncho kuyenda m'tinjira take kumafuna maola awiri ndi nsapato zosaterera. Polowa pamalipidwa, ndipo mtengo umasiyana pakati pa nzika ndi alendo, kotero aliyense anyamule chiphaso chake. Ogona ku Avani ndi ku Royal Livingstone amalowa mwaulere kudzera pageti la hotela, zimene zingasinthe masamu anu poyerekeza makotesheni. Za bwato, funsani nambala ya anthu imene limaloledwa kunyamula, majekete oyandamitsa, ndiponso ngati ndalama yolipira ku paki ya zinyama ili kale mumtengo. Zinthu zovuta kugamula, monga zisankho ndi bajeti, ziikeni m'mawa, osati m'mawa wotsatira usiku wa bwato.

9. Chenjezo la tsiku loyamba

Mukatha pemphero ndi malonje, tengani mphindi zisanu kunena za malowo. Mahotela ena ali m'kati mwa paki ya Mosi-oa-Tunya, ndipo mbidzi ndi nswala zimadya msipu pakapinga ngati mbuzi zapamudzi. Si mbuzi. Mbidzi imaponda ndi kuluma, ndiye wofuna chithunzi aime patali. Anyani ndi apusi amadziwa ola la tiyi kuposa nthumwi, amalanda shuga ndi masikono patebulo, ndipo amalowa m'chipinda chosiyidwa chotsegula. Pemphani hotela iike mlonda pamalo a tiyi. Usiku munthu asatsikire kumadzi, muli ng'ona ndipo mvuu zimatuluka kukadya. Asayendenso wapansi pamsewu wa pakati pa tauni ndi mathithi kukada, njovu zimadutsa pamenepo. Kuderali kuli malungo, choncho alendo ochokera kumayiko opanda udzudzu auzidwe asananyamuke kwawo kuti akaonane ndi dokotala, ndipo inu mudziwe chipatala chimene hotela imatumizako odwala usiku.

Chilankhulo chisakudetseni nkhawa. Eni dera ndi Atoka-Leya, Atonga ndi Alozi, koma Chinyanja chimamveka m'tauni, kwa oyendetsa matakisi ndi kumsika. Gulani simukhadi ya Airtel kapena MTN tsiku lofika, mutatenga pasipoti, kuti madalaivala ndi a hotela azikupezani mosavuta.

10. Bilu muitseke tsiku ndi tsiku

Madzulo alionse khalani pansi ndi woyang'anira misonkhano wa hotela, muwerengere limodzi: anadya angati, madzi anatuluka mabotolo angati, ndani anasainira chiyani. Kaundula amene nthumwi zasaina ndiye mboni yanu. Mukasiya zonse mpaka tsiku lonyamuka, mudzakhala mukukangana za tiyi wa Lachiwiri basi ikuliza hutala panja. Pemphani invoisi yokhala ndi nambala ya msonkho ya hotelayo ndi dzina lolondola la bungwe lanu, chifukwa kukonzetsa chilembo chimodzi muli ku Lilongwe kumatenga masabata. Ndipo musanakwere basi, bwererani m'holo nokha muyang'ane pansi pa matebulo. Machaja, magalasi a maso ndi pasipoti ya munthu mmodzi zimakhala zili pomwepo.